Mtengo wa Magazi a Kavalo, ndi Chifukwa Chake Sanakhazikike kwa Mponda

Chaka ndi chaka m'mwezi wa July, mzinda wa Durban ku South Africa umaima nchito chifukwa cha akavalo. Pa bwalo la Greyville pamachitika mpikisano wothamanga wotchedwa Durban July, umene unayamba m'chaka cha 1897, ndipo anyamata a kwa Mponda, kwa Chimwala ndi kwa Makanjira amene anapita kumeneko kukafuna ganyu amaona ndi maso ao khamu la anthu obvala zokongola likutaya ndalama pa nyama imene kwao sanaionepo ikudya msipu. Pobwera kumudzi amabwera ndi njinga, wailesi ndi malata, koma palibe amene anabwerapo ndi kavalo. Iyi si nkhani ya umphawi wokha ai. Pali chifukwa china chakale kwambiri, chimene chinagonjetsa ngakhale Boma la Angerezi pamene linafika pa mtsinje wa Shire ndi mfuti zake.

Kavalo wa mpikisano woterewu amatchedwa Thoroughbred, ndipo chuma chenicheni cha mtundu umenewu chimapezeka ku khola. Mphatso za pa bwalo nzochepa poyerekeza. Kavalo wamphongo akapambana kwa zaka ziwiri kapena zitatu, eni ake amamchotsa pa bwalo akali ndi mphamvu zake zonse, namlengeza m'mabuku kuti ali yense wokhala ndi kavalo wamkazi abwere naye kudzakweretsa, atalipira. Wotchuka koposa masiku ano ndi Frankel, wobadwa m'chaka cha 2008, amene anathamanga mipikisano 14 napambana yonse. Amakhala pa khola la Banstead Manor pafupi ndi Newmarket ku Mangalande. Pamene anayamba nchito ya ubereki mu 2013 mtengo wake unali £125,000 pa wamkazi mmodzi, ndipo mu 2024 unafika £350,000. Mphongo yotere imakwera akazi opitirira 100 pa nyengo imodzi. Wowerenga angadziwerengere yekha.

Chimene Chigulidwa ndi Buku

Munthu wolipira ndalama zotere sagula nyama, pakuti mphongoyo imatsala kwa mwini wake. Amagula dzina la bambo loti lilembedwe pambali pa dzina la mwana m'buku. Bukulo ndi General Stud Book, limene James Weatherby anayamba kusindikiza m'chaka cha 1791, ndipo a banja lake akulisungabe kufikira lero. Maiko ena onse othamangitsa akavalo ali ndi mabuku ao otsata lamulo lomwelo: kavalo sakhala Thoroughbred pokhapokha atate ake ndi amake onse awiri ali olembedwa. Ngakhale atathamanga ngati mphepo ya mwera, wopanda makolo olembedwa alibe malo.

Mizere yonse ya atate m'bukumo imakathera pa akavalo atatu ochokera kum'mawa. Woyamba ndi Byerley Turk, kavalo wa nkhondo wa Captain Robert Byerley, amene anali pa nkhondo ya ku Boyne mu 1690. Wachiwiri ndi Darley Arabian, amene Thomas Darley anagula ku Aleppo m'dziko la Syria namtumiza ku Yorkshire mu 1704. Wachitatu ndi Godolphin Arabian, amene anafika ku Mangalande kudzera ku France cha m'ma 1729. Mwa atatuwa, wa Darley ndiye anameza anzake. Mwana wake wina, Bartlett's Childers, sanathamangepo mpikisano ndi umodzi womwe chifukwa anali kutuluka magazi m'mphuno, komabe mwa iyeyo munachokera Squirt, mwa Squirt munachokera Marske, ndipo mwa Marske munabadwa Eclipse m'chaka cha 1764, chaka cha kadamsana chimene chinampatsa dzina. Eclipse anathamanga mipikisano 18 osagonjapo, kotero kuti eni akavalo ena analeka kupikisana naye. Akatswiri a pa Trinity College ku Dublin atafufuza mu 2001 anapeza kuti mwa akavalo 100 ali onse a mtunduwu, 95 amatsata mzere wa atate ao kukafika kwa Darley Arabian.

Malamulo ake ndi okhwima. Mphongo iyenera kukwera yaikazi mwachibadwa. Njira ya jekeseni imene madotolo a ziweto amagwiritsa nchito pa ng'ombe za mkaka ku Thyolo ndi ku Chiradzulu njoletsedwa kotheratu, ndipo mwana wobadwa mwa njirayo salembedwa. Bere limatenga miyezi 11. Akavalo onse a kumpoto kwa dziko lapansi amawerengedwa kuti akwanitsa chaka pa 1 January, pamene a ku South Africa ndi ku Australia amatero pa 1 August. Chifukwa cha kusiyana kwa nyengoku, mphongo zina zimakwezedwa ndege kuti zikagwire nchito kawiri pa chaka, kumpoto ndi kumwera.

Pano munthu wa kwa Mponda angadabwe, pakuti pakati pa Ayao, monganso Achewa ndi Amang'anja, mbumba imawerengedwa kuchikazi, ndipo ufumu umagwera mwana wa mlongo wake wa mfumu. Eni makola a ku Ulaya amalengeza atate ndi zilembo zazikulu chifukwa mphongo imodzi ingabale ana mazana ambiri pamene wamkazi amabala mmodzi pa chaka, ndiye kuti malonda ali kuchimuna. Koma mwana amatenga theka kwa atate ndi theka kwa amai, ndipo Aluya a m'chipululu, kumene kunachokera magazi amenewa, anali kutchula mafuko a akavalo ao potsata amai. Ogula ochenjera a ku Newmarket nawonso amayamba kuwerenga tsamba la amai asanayang'ane miyendo ya mwanayo. Pa mfundo iyi akulu-akulu a m'mbali mwa Shire sanasiyane ndi Aluya aja.

Juga ya Anthu Olemera

Buku limalonjeza, koma sililumbira. Mu 1962 kunali kamwana ka kavalo ku Canada, pa khola la E. P. Taylor, kamene anakaika pa malonda pa mtengo wa madola 25,000, ndipo panalibe wokagula chifukwa kanali kakafupi. Kamwanako ndiko Northern Dancer, mdzukulu wakutali wa Eclipse, amene anapambana Kentucky Derby mu 1964, ndipo m'zaka za m'ma 1980 anthu anafika polipira madola miliyoni imodzi kuti akwere wamkazi mmodzi, popanda ngakhale lonjezo lakuti bere ligwira. Mwana wake, Sadler's Wells, anabala Galileo, ndipo Galileo anabala Frankel uja. Sadler's Wells yemweyo anabalanso Fort Wood, amene anapita ku khola la Mauritzfontein ku Kimberley; Fort Wood anabala Dynasty, wopambana Durban July mu 2003, ndipo Dynasty anabala Legislate, wopambana mpikisano womwewo mu 2014. Motero mnyamata wa ku Mangochi woimirira kunja kwa mpanda wa Greyville amaona zidzukulu za kavalo wa ku Aleppo.

Koma Northern Dancer yemweyo anabalanso Snaafi Dancer, amene anagulidwa pa madola 10.2 miliyoni ku Keeneland mu 1983 ali ndi chaka chimodzi. Ameneyu anapezeka wochedwa kotero kuti sanamlowetse mu mpikisano uli wonse, ndipo atampititsa ku khola anabala ana anai okha. Kavalo winanso, The Green Monkey, anagulidwa pa madola 16 miliyoni mu 2006, nathamanga katatu osapambana.

Mbali inayo kuli Ipi Tombe, kavalo wamkazi wobadwira ku Zimbabwe mu 1998. Atate ake, Manshood, anali mwana wa Mr. Prospector wa ku America, koma iye anagulidwa pa mtengo wochepa zedi ku Harare, nayamba kuthamanga pa bwalo la Borrowdale Park. Atapita ku South Africa m'manja mwa mphunzitsi Mike de Kock anapambana Durban July mu 2002, ndipo chaka chotsatira anakagonjetsa amphongo a ku Ulaya mu mpikisano wa Dubai Duty Free, napambananso ku Churchill Downs ku America. Pa mipikisano 14 anapambana 12, ndipo iwiri yotsalayo anakhala wachiwiri. Magazi anali nawo ndithu, olembedwa bwino-bwino. Chimene ogula sanachione chinali mtima wake.

Palinso bvuto limene eni malondawa sakonda kulitchula mokweza. Popeza ali yense amafuna mphongo yotchuka yomweyo, mtundu wonse ukusanduka banja limodzi lokwatirana pachibale. Mu 2020 akatswiri a pa University College Dublin, motsogozedwa ndi Professor Emmeline Hill, atayesa akavalo opitirira 10,000 anapeza kuti chibalechi chakula kwambiri m'zaka 45, ndi kuti 97 mwa 100 ali onse anali ndi magazi a Northern Dancer. Chaka chomwecho bungwe la Jockey Club ku America linaika lamulo lakuti mphongo imodzi isapitirire akazi 140 pa chaka, koma makola akulu anakadandaula ku khoti ndipo lamulolo linachotsedwa mu 2022. Ndipo liwiro lenilenilo silinakwere monga mitengo yakwerera: nthawi imene Secretariat anaika pa Kentucky Derby mu 1973, yosakwana mphindi ziwiri, palibe amene waiphwanya.

Zimene Zinaoneka pa Shire

Tsopano nkhani ibwerere kumudzi. M'mwezi wa March 1866, pamene buku la Weatherby linali ndi zaka 75, Dr. David Livingstone anatsika pa doko la Mikindani ndi ziweto zachilendo: ngamira zisanu ndi imodzi, njati zoweta zitatu za ku India ndi kamwana kake, nyulu ziwiri ndi abulu anai. Cholinga chake chinali kuona ngati nyama zimenezi zingapirire kashembe, nchenche yoluma ija imene inali kutsekereza ng'ombe ndi akavalo kulowa m'kati mwa dziko. Anatsata mtsinje wa Ruvuma, nafika kwa Mataka ku Mwembe mu July, koma pofika kumeneko pafupi-fupi zonse zinali zitafera m'njira, zina ndi kashembe, zina ndi nkhanza za asilikari a ku India amene anali kuziyendetsa. Pamene anafika pa mudzi wa Mfumu Mponda mu September chaka chomwecho, anafika wapansi, katundu ali pamitu pa anthu. Chiweto chimene chinapirira ulendo wonsewo chinali kagaru kake, Chitane.

Patapita zaka 25, Harry Johnston anabwera kudzakhazikitsa ulamuliro wa Angerezi. Mkulu wa asilikari ake, Captain Cecil Maguire, anabwera ndi Amwenye 70, ndipo mwa iwowa 30 anali asilikari a pa akavalo a ku Hyderabad. Mu October 1891 anamanga linga patsidya pa Shire kuyang'anana ndi mudzi wa Mponda, limene linatchedwa Fort Johnston, ndipo dzinali linasamukira pambuyo pake pa malo pamene pali boma la Mangochi lero. Maguire anaphedwa mu December chaka chomwecho pomenyana ndi anthu a Makanjira. Koma asilikari a pa akavalo aja sanamenye nkhondo ali pamsana pa kavalo monga anaphunzirira, chifukwa akavalo oyamba a Boma pafupi-fupi onse anafa ndi matenda, ndipo eni ake anabwezedwa kwao. Nkhondo za kunyanja zinamenyedwa ndi miyendo ndi sitima, ndipo Azungu a m'maboma anayenda pa machila kufikira kubwera kwa njinga ndi galimoto.

Adani ake anali awiri, ndipo onse ndi ang'ono-ang'ono. Woyamba ndi kashembe, amene poluma amalowetsa m'magazi kachirombo kosaoneka ndi maso. Kwa munthu mtundu wina wa kachiromboka umadzetsa kaodzera. Kwa kavalo ndi ng'ombe umadzetsa nthenda yoondetsa yotchedwa nagana. David Bruce ndiye anazindikira zimenezi ku Zululand mu 1894 ndi 1895, ndipo pakati pa 1912 ndi 1914 anali m'dziko lino kufufuza za kaodzera. Nyama za m'tchire zimakhala nako kachiromboka osadwala, koma kavalo sapirira. Lero kashembe wabwerera makamaka ku nkhalango zotetezedwa monga Liwonde, Nkhotakota ndi Kasungu, ndipo Liwonde ili pafupi, kumwera kwa nyanja ya Malombe.

Wachiwiri ndi woopsa koposa. Ndi nthenda ya akavalo ya mu Africa, imene imafalitsidwa ndi tizirombo touluka tochepa kuposa udzudzu, toswana m'dothi lonyowa, toluma madzulo ndi m'bandakucha. Kavalo wogwidwa nayo amatentha thupi, mapapo ake amadzala madzi, natuluka thobvu m'mphuno, ndipo mwa khumi odwala asanu ndi anai angathe kufa. Nyulu zimafa pafupi-fupi theka, pamene abulu a kuno ndi mbidzi sizidwala kweni-kweni. Ku Cape nthendayi inapha akavalo pafupi-fupi 70,000 m'zaka za 1854 ndi 1855. Malo otentha, a madambo ndi mabango, monga a m'mbali mwa Shire ndi Malombe, ndiwo malo amene tizirombo totere timakonda. Katemera alipo, wopangidwa ku Onderstepoort pafupi ndi Pretoria, koma ayenera kubayidwa chaka ndi chaka, ndipo kavaloyo ayenera kugona m'nyumba yotsekedwa dzuwa lisanalowe. Ndicho chifukwa chake akavalo ochepa a m'Malawi akhala akusungidwa ndi anthu osamalira alendo, monga pa phiri la Zomba ndi ku Kande m'boma la Nkhata Bay, ndipo dziko lino liribe bwalo la mpikisano longa la Borrowdale.

Nthenda yomweyi yapweteka ngakhale olemera a ku South Africa. Kuyambira 2011 maiko a ku Ulaya anakana kulandira akavalo ochokera kumeneko mwachindunji, kotero kuti akavalo ambiri opita kunja anayenera kuyamba abindikiritsidwa masiku 90 pa chisumbu cha Mauritius, kufikira chiletsocho chinachotsedwa mu 2024. Ndipo kale, Mabuno ndi alenje olowera kumpoto anali ndi muyeso wao-wao wa mtengo: kavalo amene anadwalapo nthendayi nachira anali kugulidwa pa mtengo woposa wa anzake kangapo, ngakhale akhale wonyansa ndi wosadziwika makolo. Kumeneko dzina la Eclipse silinali kugula kanthu.

Atonde a ku Mangochi

Kavalo sadzadya msipu kwa Mponda posachedwa, koma malonda a magazi afika kale m'midzi ya kunyanja mwa maonekedwe ena. Mlimi amauzidwa za tonde wa mtundu wa Boer wochokera ku South Africa, amene angapitirire makilogalamu 100. Amauzidwa za nkhunzi za mitundu ya kunja, ndi za atambala akuda a Black Australorp, amene anthu amangowatcha a Mikolongwe potsata famu ya Boma ya ku Chiradzulu. Mitundu imeneyi njabwino pa malo ake, ndipo ana osakaniza amakula msanga ngati chakudya, dibi ndi mankhwala a njoka za m'mimba zilipo. Zikasowa, mbuzi yaing'ono ya makolo ndi ng'ombe ya linunda ya Malawi Zebu ndizo zimatsala ziri moyo mu October, pakuti makolo a izo anayesedwa ndi nkhupakupa, dzuwa ndi chilala kwa zaka mazana ambiri, monga makolo a Frankel anayesedwa ndi liwiro.

Kusiyana kwakukulu kuli pa kasankhidwe. Mwini wa Frankel anamchotsa pa bwalo ali ndi zaka zinai, pamene akanatha kupambanabe, chifukwa anadziwa kuti wopambana ndiye woyenera kubala. M'midzi yambiri zimachitika mobwerera. Ikayandikira Eid ul-Adha, pamene mbuzi zimafunidwa kwambiri m'boma la Mangochi, kapena ikafika nthawi ya fizi ya sukulu, tonde wamkulu ndi wonenepa ndiye amayamba kupita ku msika chifukwa ndiye wa ndalama zambiri. M'khola mumatsala katonde kopinimbira, ndipo m'chilimwe, mbuzi zikamasulidwa pa zingwe kuti zizidya momwe zifunira, ndiko kamakwera amake ndi alongo ake. Patapita mibadwo ingapo mwini khola amadandaula kuti mbuzi za masiku ano nzazing'ono, nayamba kufunsa za tonde wa kunja.

Wogula tonde kapena nkhunzi ya kunja ali ndi ufulu wofunsa zimene wogula wa ku Newmarket amafunsa: atate ake ndani, amake anabala kangati ndipo ana angati anakula, inabadwira kuti, pozizira kapena potentha, ndipo ndani analemba zimenezi. Wogulitsa wopanda yankho akugulitsa mtundu wa ubweya wokha, pakuti mbuzi yoyera ya mutu wofiira si yonse iri Boer.

Akatswiri a ku Bunda ayesapo njira ina pamodzi ndi alimi a m'maboma a Mzimba ndi Nsanje, yosafuna magazi a kunja. Mbuzi za m'mudzi zimaikidwa nambala ku khutu, ana amayesedwa pa sikelo pobadwa ndi pokula, ndipo mlembi wosankhidwa ndi mudzi amalemba m'kope amai ndi atate a mwana ali yense. Atonde okula bwino amasungidwa kuti akhale a mudzi wonse, otsalawo amafulidwa ndi kugulitsidwa, ndipo wosankhidwayo amasinthidwa ndi wa mudzi wina asanayambe kukwera ana ake. Ndi buku la Weatherby lomwe lija, lolembedwa ndi pensulo. Mwini kavalo amadikira miyezi 11 ya bere ndi zaka ziwiri za kukula asanadziwe ngati £350,000 yake inagula kanthu. Mbuzi imaswa pa miyezi isanu, ndipo mwana wake amakwera pa sikelo chaka chisanathe.